Kaufa Koyera pa Tomato

M'bale wanga wa ku Namiwawa, ukatsikira kumsika wa Blantyre kapena wa Limbe, umamuyang'anitsitsa tomato usanalipire? Kaufa kotuwa kamene kamakhala pakhungu lake, makamaka pafupi ndi phesi, umati ndi fumbi la pamsewu wa ku Bvumbwe?

Kuti umvetse kumene kaufako kamachokera, yamba wadziwa ichi: chipatso chikakhwima chimatulutsa mpweya wa ethylene, umene umachifewetsa ndi kuchipsetsa. N'chifukwa chake mapeyala amapsa msanga ukawafundika pamodzi ndi nthochi. Mu 1996 Edward Sisler ndi Sylvia Blankenship a ku North Carolina State University analembetsa mankhwala a 1-MCP, amene amatseka malo olandirira mpweyawo m'chipatso. Alimi akuluakulu a maapozi, kuphatikizapo a ku South Africa, amawathira pang'ono kwambiri m'chipinda chozizira chotsekedwa bwino, ndipo maapozi amatha miyezi osafewa.

Mlimi wathu alibe chipinda chotero. Ali ndi madengu, dzuwa ndi ulendo wautali wa pa lole. Ndiye ena amatenga Dithane, mankhwala a chiwawu, n'kupopera tomato atatsala pang'ono kuthyola, ena atathyola kale, akuti achedwe kuola. Kaufa kaja kamachokera pamenepo, ndipo apa ndi pamene zimalakwika. Dithane, amene dzina lake lenileni ndi mancozeb, sakhudzana n'komwe ndi ethylene. Amapha nkhungu basi, ndipo papaketi pake pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanakolole. Mayiko a European Union anasiya kuwalola mu 2021 poopa kuti amasokoneza ubereki. Mankhwalawa akamaphwanyika amasiya kanthu kotchedwa ETU kamene kamavutitsa chithokomiro, ndipo kutentha kwa pamoto kumawonjezera kanthuko.

Mlimiyo sindikumuikira kumbuyo, koma nawenso uli ndi mbali yako. Kodi si iwe umakankhira pambali tomato wofewa pang'ono, n'kuloza mulu wolimba wa madontho oyera, uku ukuti "uyu akhalitsa"? Wogulitsa amaona zimenezo, mawa amakapikula wotero. Bungwe la Pesticides Control Board lili ku Bvumbwe komweko, koma silingaime pa benchi iliyonse.

Pukuta tomato ndi chala. Kaufa kakatsalira pachalapo, kapena ukaona timizere touma ngati pamene padayenda madzi a laimu, pita pa benchi ina. Amene wagulayo umutsuke ndi madzi oyenda, ukumutikita, usanadule. Ndipo usatume mwana kusema kachumbali ndi tomato wongochoka m'jumbo.