Kusanza: Chimachitika N'chiyani M'thupi?

Mayi woyembekezera amasanza m'mamawa, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira. Wina amasanza m'minibasi, wina akadya ndiwo zogonera zomwe zasasa. Mwana wodwala malungo amasanza, nayenso bambo amene wapyola muyeso pa kachasu.

Kusanza pakokha si matenda. Ndi chizindikiro chakuti china chake chavuta m'thupi. Lamulo loti munthu asanze limachokera ku ubongo. M'mimba mukalowa chakudya chowonongeka, uthenga umafika ku ubongo. Munthu amayamba kuchita nseru, malovu amadzaza m'kamwa, thukuta n'kumatuluka. Kenako minofu ya pamimba imafinya chifu mwamphamvu, njira ya mpweya imatsekeka, ndipo chakudya chimabwerera kukamwa. Masanzi amawawasa chifukwa cha madzi amene amagaya chakudya m'chifu. Chakudya chikatha, zimatuluka zachikasu zowawa. Imeneyo ndi ndulu.

Choopsa kwambiri ndi madzi amene thupi likutaya, makamaka ngati munthuyo akutsekulanso m'mimba. Mwana amafooka msanga kuposa wamkulu. Maso amalowa m'kati, milomo imauma, mikodzo imachepa, liwombo limalowa. Liwombo likalowa, musataye nthawi ndi ndalama pomata mankhwala pamutu. Mwanayo akufuna madzi.

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Ngati paketi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Musachulutse mchere. Madzi amenewa akakhala maola 24, atayeni mukonze ena.

Tsono apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mayi amaona mwana ali ndi ludzu n'kumupatsa kapu yodzaza. Mwana amamwa mwachangu, madzi onse aja n'kubwerera. Mayi amagwa ulesi, amati, "Sakusunga kanthu, ndingomusiya." Ayi. Mwana akasanza, dikirani mphindi 10. Kenako tengani supuni. Mumwetseni supuni imodzi, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, mumwetseninso ina. Zimatopetsa, ndipo ntchito zina zimaima, koma madzi a pang'onopang'ono amakhazikika m'mimba. Mitolo ya nkhuni ndi zochapa zikhoza kudikira. Bambo nawonso angathe kugwira supuni. Ngati mwana akuyamwa, pitirizani kumuyamwitsa pafupipafupi.

Munthu amene wakomoka kapena waledzera kwambiri mugonekeni chammbali, osati chagada. Akagona chagada, masanzi amatha kulowa m'mapapo n'kumutsamwitsa.

Masanzi akwirireni kapena atayeni m'chimbudzi, ndipo sambani m'manja ndi sopo. Kolera amene anayambira ku Machinga mu 2022 anafalikira m'maboma onse a Malawi, ndipo anapha anthu oposa 1,700. Kolera amayenda kudzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja mosasamba.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwana akusanza chilichonse, akukanika kuyamwa, akukomoka, kapena thupi latentha kwambiri. Chitaninso chimodzimodzi ngati m'masanzi muli magazi. Mwana akasanza atangomwa LA wa malungo, funsani mlangizi wa zaumoyo ngati n'kofunika kumupatsanso. Popita kuchipatala, nyamulani botolo la Thanzi ndi supuni kuti muzimumwetsa panjira.