Kudya pa Boma la Mwanza

Dera la Mfumu Kanduku lili m'boma la Mwanza, kumalire a Malaŵi ndi Mozambique. Msewu waukulu wochokera ku Blantyre umadzera pa Zalewa, kufika pa Mwanza, ndi kuloŵa m'Mozambique pa Zobue kulinga ku Tete. Chifukwa cha msewuwu, pa Mwanza sipasoŵa alendo, ndipo malo odyera alipo ambiri.

Loŵeruka lina m'mwezi wa Juni, mtsikana wina wa kwa Kanduku anaperekeza amayi ake kukagulitsa manachesi paboma. Dzuŵa lili paliwombo, manachesi onse anali atatha, koma njala inali itawagwira.

Pamsika panali zakudya zamitundumitundu: mandasi, zitumbuwa, thobwa, mbatata yootcha ndi chipisi cha pachiwaya. Koma iwo ankafuna nsima, popeza ulendo wobwerera kumudzi unali wautali.

"Amayi, tiyeni tidye apa," anatero mtsikanayo poloza chisakasa china. "Akuti nsima yake ndi yotsika mtengo."

Amayi aja anasuzumira m'katimo. Anaona mphika wa ndiwo uli wosavundikira, ntchentche zili ng'waa! Anthu onse ankasamba m'manja m'beseni limodzi.

"Iyayi, mwana wanga," anayankha motsitsa mawu. "Chakudza sichiimba ng'oma. M'zaka za 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,500 m'dziko lathu lino. Nthendayi imayenda m'madzi ndi m'chakudya chauve."

Atayenda pang'ono anafika pa nyumba ina yodyeramo. Pakhomo panali ndowa ya mpopi ndi sopo. Pansi panali posesa bwino, mbale zinali pathandala, ndipo miphika yonse inali yovundikira. Amayi aja anayamba afunsa mtengo, kenaka anaitanitsa nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mpiru. Chakudyacho chinabwera chikufuka nthunzi, ndipo anadya nakhuta.

Ndalama zotsala anagula mchere, sopo ndi makope aŵiri. Pobwerera, mtsikanayo anati, "Lero ndaphunzira kuti mlendo ayenera kuyamba wadya ndi maso asanadye ndi pakamwa."

Mawu atsopano
paliwombo, chisakasa, kusuzumira, thandala, nthunzi

Mafunso
1. Kodi n'chifukwa chiyani pa Mwanza pali malo odyera ambiri?
2. Tchulani zakudya zitatu zimene zinali pamsika.
3. Kodi amayi aja anaona zotani m'chisakasa muja?
4. Fotokozani zinthu zinayi zosonyeza kuti malo odyera ndi aukhondo.
5. Kodi mwambi woti "Chakudza sichiimba ng'oma" ukutanthauzanji?

Ntchito
Lembani ziganizo zisanu zofotokoza malo odyera amene ali kufupi ndi kwanu.