Phunziro la Mwezi Uno: Kusintha Oyilo wa Njinga Yamoto Pakhomo Osathyola Makava Apulasitiki

Amayi anzanga, si kale kwenikweni pamene njinga yamoto tinkaionera patali, ikudutsa ndi alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi. Lero yalowa m'makomo mwathu. Ena mwa inu munatenga ngongole ku banki m'khonde kuti mwana wanu ayambe kabaza, ena njingayo ndi yanu ndithu, mumapikulira tomato kapena usipa. Ngongoleyo imabwezedwa ndi injini imene ikuyenda, ndipo injini imadalira oyilo. Choncho musanene kuti iyi ndi nkhani ya abambo. Ngakhale sipanala atagwira ndi mnyamata wanu, inu mukadziwa ntchitoyi mudzatha kumuuza kuti, "Taima kaye, usakoke choncho."

Kukhetsa oyilo wakale ndi kuthira watsopano si kovuta. Pamene anthu amaonongera ndalama ndi pa makava apulasitiki amene amaphimba injini ndi m'mbali mwa njinga. Munthu amafuna kupulumutsa ndalama ya makaniko, n'kuthyola kava ya mtengo woposa oyiloyo. Ineyo zinandichitikira ndili namwino wachitsikana, tikupita ku sikelo ya m'midzi pa njinga yamoto. Ndinakoka kava ya m'mbali ngati ndikuzula chinangwa, kadzino kake n'kutsalira m'kati. Chaka chonsecho kavayo inayenda yomangidwa ndi legeni, ikugogoda njira yonse.

Yambani mwagwada ndi kuyang'ana

Funso loyamba n'lakuti, kodi pakufunikadi kuchotsa kava ina iliyonse? Njinga zambiri za kabaza, monga Bajaj Boxer ndi Lifan, injini yake ili pamtetete. Bawuti yokhetsera oyilo ili pansi pa injini, chotsekera pothirira chili kumanja, palibe chokutchingani. Ngati yanu ndi yotero, musakhudze pulasitiki iliyonse. Vuto limakhala pa masikuta, pa njinga zokhala ndi zotchinga miyendo, ndi pa zija zothamanga monga Yamaha R15 zimene zinavekedwa pulasitiki mpaka kumimba. Ngakhale pa zimenezi, kawirikawiri imachoka kava ya pansi yokha kapena ya mbali imodzi.

Makava chotsani injini ili yozizira, chifukwa manja anu adzakhala pafupi ndi ekizozi. Yalani thumba kapena chitenje chakale pansi kuti penti isakalike. Jambulani mbali zonse ndi foni musanamasule kanthu. Kenako tengani katoni, jambulanipo chithunzi cha kavayo ndi cholembera, ndipo bawuti iliyonse mukaimasula muziibaya pa katonipo pamalo pamene yachokera. Mabawuti amenewa amaoneka ofanana koma amasiyana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa malo a yaifupi imang'amba pulasitiki kapena kuboola zimene zili kuseri.

Zimene zimagwira kava

Pulasitiki imathyoka chifukwa munthu wakoka asanadziwe chimene chikuigwira. Komanso njinga imene yakhala padzuwa zaka zingapo, pulasitiki yake imauma n'kumaphwanyika ngati chikombe cha dzira. Zogwirira zake ndi za mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kachotsedwe kake.

Mabawuti ndi masikuluwu ndiwo oonekera. Ena amafuna sipanala ya 8 kapena 10, ena aleni kiyi, ena sikuludiraiva ya mtanda. Pa njinga za ku Japan mudzaona masikuluwu ena okhala ndi kadontho pambali pa mtandawo. Amenewa anapangidwa pa muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo sikuludiraiva wamba imakonda kuterereka n'kudya mutu wake. Sankhani imene ikukhala bwino osagwedera, kanikizani mwamphamvu, ndipo potokolani pang'onopang'ono. Mabawuti ena ali ndi kampanda kachitsulo kamene kamalowa m'bowo la pulasitiki kuti bawuti ikamangidwa isafinye kavayo. Kakagwera m'fumbi kafuneni mpaka kapezeke. Popanda iko, kava imayamba mng'alu pa bowo pomwepo.

Amene amazunguza anthu kwambiri ndi makilipi akuda aja ooneka ngati mabatani. Kilipi yotere ili ndi zigawo ziwiri: thupi lokhala ndi timiyendo, ndi kamtengo kapakati. Kamtengoko kakakhala pamalo pake kamatambasula timiyendo kuseri kwa kava, ndiye ngakhale mukoke bwanji sizituluka. Yang'anitsitsani mutu wake. Ngati pakati pali kabwalo kakang'ono kofanana msinkhu ndi mutuwo, kankhirani kabwaloko m'kati pang'ono chabe ndi nsonga ya aleni kiyi kapena msomali wobuntha, mpaka mumve kuti "tche". Timiyendo tafota, ndipo kilipi yonse imatuluka ndi chikhadabo. Musakankhe mopitirira, kamtengoko kangagwere m'kati mwa njinga. Ngati mutu wapakati uli wotambalala ndipo m'mbali muli timipata, umenewo ndi wotukula: lowetsani sikuludiraiva yafulati pa kampatako, tukulani mutuwo, kenako zulani yonse. Mtundu wachitatu uli ndi mtanda ngati sikuluwu koma ndi wapulasitiki. Umenewu upotokoleni mopepuka osakanikiza, chifukwa mukakanikiza umangozungulira pamodzimodzi.

Pobwezera kilipi ya mtundu woyamba uja m'pamene ambiri amagonja. Musanailowetse, kankhani kamtengo kuchokera kunsi kuti katulukire pamwamba pa mutu. Lowetsani thupi m'bowo, kenako dinani kamtengoko mpaka kafanane ndi mutu. Yeserani kangapo kilipi ili m'manja, mudzaona mmene timiyendo tikutsegukira ndi kutsekeka. Makilipiwa amagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za njinga ndi galimoto. Popita kukagula tengani yakale, chifukwa amasiyana kunenepa.

Palinso zogwirira zimene simuziona. Kuseri kwa kava kumakhala mano apulasitiki olowa m'mabowo a labala, ndi timbedza tolowerana ndi kava inzake. Dzino la m'labala limatuluka pokoka molunjika, dzanja lili pafupi penipeni ndi dzinolo, osati kumapeto kwa kava. Apa m'pamene ine ndinalakwitsa. Timbedza ndiye sitikokedwa n'komwe: kava imayamba yasunthidwa chakutsogolo kapena chakumbuyo, kenako imadzichokera. Mukamasula zonse zimene mukuziona koma kava ikukanabe, lekani. Pali bawuti ina yobisika, mwina pansi pa mpando, mwina kuseri kwa popondera, mwina m'kati moyang'anana ndi tayala lakutsogolo. Unikani ndi tochi ya foni. Ikamasuka musaichotse mothamanga, chifukwa pa njinga zina indiketa inamangidwa pa kava pomwepo, ndipo waya wake uyenera kulumulidwa pa cholumikizira, osati kukokedwa.

Oyilo weniweniyo

Makava akachoka, lizani injini panja kwa mphindi 3 mpaka 5 kuti oyilo afunde, atuluke bwino pamodzi ndi zinyalala zake. Ndati panja. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha munthu m'nyumba yotseka. Zimitsani, imikani njinga pa sitandi yapakati pamalo athyathyathya, ikani chigubu chodula pansi pake, ndipo tsegulani pothirira.

Bawuti yokhetsera pa injini zing'onozing'ono zambiri imafuna sipanala ya 17. Gwiritsani ntchito sipanala yozungulira mutu wonse, osati yoyasama. Imamasuka mosemphana ndi kayendedwe ka mivi ya wotchi mukamaiyang'ana kumutu kwake. Poti ili chadodolido pansi pa injini, anthu amasokonezeka n'kumamanga poganiza kuti akumasula. Pomalizira masulani ndi zala, dzanja lili chapambali kuti oyilo asakuyendereni m'mkono. Injini zotengera kapangidwe ka Honda CG125, zimene zili m'njinga zambiri za ku China, zilinso ndi chotsekera chachikulu cha sipanala ya 24 kumanzere chakumunsi. M'kati mwake muli sipuling'i ndi kasefa kawaya. Onani mmene zakhalira musanazitulutse, tsukani kasefako ndi palafini, kaume, ndipo mubwezere momwemo.

Pa bawuti yokhetsera pali wachala, kamphete kofewa ka aluminiyamu kapena kopa kamene kamatseka kuti oyilo asadonthe. Kakaphwanyika kapena kupyapyala ikani katsopano. Pobwezera bawuti yambani ndi zala mpaka ifike kumapeto, kenako mangani ndi sipanala moti igwire, basi. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, lofewa kuposa bawutiyo. Anyamata amakonda kupondera sipanala ndi phazi. Mazinga akatha pamenepo, njinga imagona kwa makaniko ndipo kabaza amaima.

Gulani oyilo wa m'botolo lomata, wolembedwa 4T. Pa njinga ya magiya funaninso mawu akuti JASO MA kapena MA2. Muyezo umenewu unakhazikitsidwa ku Japan mu 1998 chifukwa m'njinga zotere kilatchi imasambira m'oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amaichititsa kuti isamagwire. Wolembedwa 2T ndi wa injini za mtundu wina, zimene zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, monga Yamaha DT125; musamuthire muno. Manambala monga 20W-50 kapena 10W-40 amanena za kulimba kwa oyilo, ndipo oyenera njinga yanu ali m'buku lake. Injini za 100 mpaka 150 zimamwa pafupifupi lita imodzi kapena kucheperapo, ndipo pa zambiri muyezo wake unadindidwa pafupi ndi pothirira. Thirani, lizani injini mphindi ziwiri, zimitsani, dikirani pang'ono, ndipo yezani njinga itaima chilili. Pa njinga zambiri kamtengo koyezera kamangokhazikidwa pakamwa osakapotokolera m'kati. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri. Wopitirira muyezo nayenso ndi vuto, amatulukira m'masilo.

Musabwezere makava musanaone ngati pa bawuti pakudontha. Mukakhutira, yambani ndi imene munamalizira kuchotsa. Nyowetsani mabowo a labala ndi madzi a sopo kuti mano alowe mosavuta. Oyilo ayi, amafufumitsa labala n'kuiwononga. Lowetsani timbedza, ikani mabawuti onse momasuka, ndipo mumange pomaliza kava itakhala bwino. Sikuluwu yolowa m'pulasitiki muziyamba mwaibweza m'mbuyo pang'ono mpaka igwere m'mazinga ake akale, apo ayi imadula ena atsopano ndipo bowo limakula.

Chigubu chija cha oyilo wakuda

Apa ndilankhule ngati namwino. Oyilo wogwira kale ntchito ali ndi tizidutswa ta zitsulo ndi zotsalira za mafuta opsa, zina mwa izo zoyambitsa khansa ya pakhungu munthu akamazikhudza kawirikawiri kwa nthawi yaitali. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo, osati petulo. Nsanza yopukutira isalowe m'thumba la buluku. Mayi woyembekezera ntchitoyi aisiyire ena.

Ndikudziwa kuti m'midzi mwathu oyilo ameneyu amapakidwa pa chipere, pa zilonda ngakhalenso pa bala la moto. Amayi, si mankhwala. Amanyeketsa khungu, amalowetsa litsiro, ndipo kuchipatala timayamba tavutika kumuchotsa mwana akulira tisanaone n'komwe kukula kwa balalo. Wina akapsa ndi ekizozi kapena oyilo wotentha, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo musaboole matuza. Ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena lili kumaso, m'manja kapena pa mfundo, kapena wapsa ndi mwana, pitani kuchipatala.

Choopsa kwambiri ndi botolo. Oyilo wakuda m'botolo la zakumwa amaoneka ngati Coca-Cola kwa mwana wa zaka ziwiri, ndipo palafini wotsukira kasefa uja amaoneka ngati madzi. Mwana akamwa musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena mafuta ophikira. Posanza, mafutawo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Thamangani naye kuchipatala mutatenga botololo, ngakhale akuoneka bwino, chifukwa kubanika kumatha kuyamba patapita maola.

Choncho thirani oyilo wakaleyo m'botolo limene mwakhuthula watsopano, tsekani zolimba, ndipo ikani pamwamba pomwe mwana sangafike. Musamutaye m'ngalande, kudimba, m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime ndi mjigo, chifukwa amalowa pansi n'kuipitsa madzi. Funsani ku galaja kapena pa malo omwetsera mafuta apafupi ngati amalandira. Chigubu chokhetseramo chisadzalowenso madzi akumwa, ngakhale a nkhuku.

Pomaliza lembani tsiku ndi makilomita a pa mita m'kope lomwe mumalembamo ndalama za njingayo. Njinga yatsopano imasinthidwa oyilo koyamba msanga, pa makilomita 500 mpaka 1,000 malinga ndi mtundu wake. Pambuyo pake tsatirani buku, koma ya kabaza yoyenda m'fumbi itanyamula matumba isadikire kufika pa malire amene bukulo lanena. Pa msonkhano wa mwezi wamawa, amene muli ndi njinga pakhomo mubwere ndi buku lake ndi kilipi imodzi, aliyense aigwire ndi kuyesa kuitsegula ndi kuitseka.