PHUNZIRO: ALAKATULI A KU ANATOLIA NDI CILANKHULO CA ANTHU WAMBA

Mzinda wa Ikonio, kumene Paulo Woyera analalikira, ndiwo ucedwa Konya masiku ano, m'dziko la Turkey. M'zaka za m'ma 1200 mzindawo unali likulu la mafumu a Cisilamu ochedwa Seljuk. Ku bwalo la mafumuwo anthu ophunzira ankalemba m'Ciperisiya, ndipo za cipembedzo ankaziwerenga m'Ciarabu. Ngakhale Rumi, mphunzitsi womveka uja amene anamwalira ku Konya mu 1273, analemba ndakatulo zace m'Ciperisiya. Koma alimi ndi abusa a nkhosa ankalankhula Citeki, cimene ophunzira ankacipeputsa.

Mu 1243 a Mongol anagonjetsa a Seljuk pa Köse Dağ, ndipo dziko linalowa m'masautso. Pa nthawi yotereyi anthu osauka anasowa wowatonthoza m'cilankhulo cao. Amene anawamvera cisoni ndiwo Asufi, ndiye kuti Asilamu ofunafuna Mulungu mwa kupemphera, kudzimana ndi cikondi.

Woyamba kumchula ndi Yunus Emre, amene anamwalira ca m'ma 1320. Iyeyu analemba m'Citeki cosavuta, naphunzitsa kuti mdani woopsa wa munthu ali m'mtima mwace momwe: umbombo, kunyada, mkwiyo ndi kaduka. Mu 1317 Gülşehri anasimbanso m'Citeki nthano ya Attar ya mbalame zimene zinanyamuka ulendo kukafuna mfumu yao, fanizo la mzimu wofuna Mlengi wace. Mu 1330 Âşık Paşa wa ku Kırşehir anamaliza buku lace Garipname, la ndime zoposa 10,000, momwe anadandaula kuti Citeki cinalibe wocisamala. Mu 1409, ku Bursa, Süleyman Çelebi analemba Mevlid, ndakatulo yosimba kubadwa kwa Muhammad, imene mpaka lero imayimbidwa m'mizikiti ndi m'nyumba, makamaka pokumbukira akufa.

Nanga cifukwa ciani anasankha ndakatulo zosimba nkhani? Cifukwa anthu ambiri sankadziwa kuwerenga. Mau okhala ndi kayendedwe ka nyimbo sacedwa kukhazikika m'mutu, ndipo nthano imaloweza phunziro m'mtima mosakakamiza.

Akatekisti aganizirepo bwino. Mphunzitsi wolankhula mau apatali amatamandidwa ndi ophunzira anzace, koma nkhalamba ya m'mudzi imabwerera kwao cimanjamanja. Mabuku ambiri a ku bwalo la mafumu aja anatsalira akatswiri okha, pamene mau a Yunus Emre akali pakamwa pa anthu patapita zaka 700.