PHUNZIRO LA ZOMANGA: NYUMBA YOSATHA MITENGO

Kukolola kukatha, m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi muoneka utsi wa mauvuni ponseponse. Munthu aliyense afuna nyumba ya njerwa zootcha, pakuti tinazolowera kuyesa kuti imeneyo ndiyo nyumba ya ulemu. Ngakhale ife a mpingo tilibe potonzera anzathu, popeza nyumba zathu zopemphereramo zambiri zinamangidwa ndi njerwa zomwezo.

Koma uvuni sukhuta mapesi kapena tinthambi. Ufuna zipika zazikulu za mombo, mtondo ndi msuku, ndipo moto wake uyaka usana ndi usiku masiku angapo. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi inatsala chifukwa Boma linaitchinjiriza mu 1924. Koma tapenyani zitunda zoizungulira, zambiri zayera mbee. Pamene mitengo yatha, mvula ikokolola nthaka, akasupe aphwa msanga, ndipo amayi alawirira mbandakucha kukafuna nkhuni kutali. Pa Deuteronomo 20:19 Aisrayeli analetsedwa kulikha mitengo ya zipatso ngakhale pozinga mudzi wa adani. Nanga ife, amene tili pa mtendere?

Mu 2018 Boma, mwa bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, linaika lamulo lakuti nyumba za Boma, za mabungwe ndi za malonda zisamangidwenso ndi njerwa zootcha ndi nkhuni. Tsono omanga masukulu ndi zipatala ayenera kufuna mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zopanikiza. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linayamba mu 1972, ndilo liyesa katundu wa malonda ndi kupatsa chizindikiro chake kwa iye amene katundu wake wakwanira muyeso. Pogula mabuloko a nyumba ya mpingo kapena sukulu, akulu afunse umboni umenewo, asakhulupirire pakamwa pa wogulitsa.

Munthu wa kumudzi angati, Ine ndilibe ndalama za mabuloko, ndipo woyesa sadzafika kwathu. Zoonadi. Koma makolo athu a chigawo chino anadziwa nyumba ya mdindo: dothi lachinyezi lithiridwa pakati pa matabwa, nilisinjidwa ndi musi mpaka litalimba, pamenepo matabwa akwezedwa. Nyumba yotere siifuna nkhuni ngakhale imodzi, ndipo m'kati mwake muzizira bwino mwezi wa Okutobala. Adani ake ndi madzi ndi chiswe. Potero ikhale pa maziko a miyala, amene m'mapiri muno sasowa, ndi denga lotulukira kunja ndithu, kuti mvula isamenye khoma. Mdindo ukagwa, kawirikawiri cholakwa chili pansi kapena pamwamba, osati pa khoma.

Njerwa yopanikiza ndi mbale wake wa mdindo. Asakaniza dothi ndi simenti pang'ono, nalipanikiza m'makina a manja. Atatero aiphimba ndi kuiwaza madzi masabata angapo. Ikauma msanga padzuwa ifumbutuka.

Ndipo pali mayeso atatu amene mungachite nokha. Poyamba yesani dothi: thirani m'botolo dothi ndi madzi, khutchumulani, nimuliike pansi kufikira mawa. Mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba. Dothi labwino ndi la mchenga wochuluka ndi dongo lochepa. Makande a kudambo ang'ambika pouma, ndipo nthaka yakuda ya pamwamba isiyireni chimanga. Chachiwiri, tengani njerwa youma, nimuigwetse pa nthaka yolimba kuchokera m'chiuno. Ikangobenthuka m'mbali ili bwino, ikasweka pakati ikaneni. Chachitatu ndi cha njerwa ya simenti yokha: igone m'madzi usiku wonse. M'mawa ikatuluka yolimba, yosakandika ndi chala, wouumbayo sanamane simenti, ndipo mungathe kumpatsa ndalama zake.