Mwasiya tirigu koma m'mimba simukuleka: chitani izi

Gluteni amapezeka mu tirigu, balere ndi rye. Kwa odwala matenda a coeliac, amawononga matumbo mpaka munthu kumangotsegula m'mimba, kuwonda ndi kuchepa magazi. Mwayi wathu kuno ku Nkhoma, Mitundu ndi Nathenje ndi woti nsima ilibe gluteni. Mpunga, mawere, mapira, chinangwa, mbatata, kachewere ndi maungu nazonso zilibe. Nanga ngati munasiya buledi koma m'mimba mukupotabe?

Choyamba, sakani tirigu wobisala. Mandasi, sikono, samusa ndi mabisiketi aliyense amazidziwa. Zimene zimapusitsa anthu ndi zina. Zigege amazimata ndi fulawa. Chigumu cha pamsika ena amathiramo fulawa kuti chifewe, ndipo zitumbuwa zikhoza kukazingidwa m'mafuta omwewo a mandasi, choncho funsani wogulitsa, musachite manyazi. Pa paketi ya soseji, supu kapena nyama ya soya werengani kaye. Mukaona wheat, barley kapena malt, bwezerani pa shelefu. Mowa wa m'botolo amafulula ndi chimera cha balere. Ngakhale mkate wa Mgonero ndi wa tirigu, nkhani yofunika kukambirana ndi abusa.

Chachiwiri, kwa masabata awiri idyani zosavuta kugaya, pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu patsiku. M'mawa phala la mpunga kapena la ufa woyera, ndi nthochi yakupsa. Masana nsima yofewa ndi dzira lowiritsa, nkhuku kapena nsomba yophika, mafuta pang'ono, tsabola ayi. Nkhwani ndi bonongwe ziphikeni zipse. Nyemba, kabichi ndi anyezi wambiri zimatupitsa mimba, zisiyeni kaye. Mkakanso uyimitseni, chifukwa matumbo ovulala amalephera kuugaya. Ambiri chambiko amachipirira bwino. Mtedza kapena chimanga chachuku musadye n'komwe.

Ngati vuto lanu ndi kudzimbidwa, njira ndi ina: mgaiwa, papaya, masamba ambiri ndi madzi okwanira. Wotsegula m'mimba amwe Thanzi ORS, ndipo madzi akhale owiritsa kapena othira WaterGuard.

Chachitatu, m'mimba mukakhazikika, bwezerani zakudya chimodzichimodzi, masiku atatu aliwonse, mukulemba m'kope chimene mwadya ndi m'mene mwagonera. Mukabwezera nyemba ndi mkaka tsiku limodzi, simudzadziwa cholakwa. Tirigu yekha musabwezere ngati dokotala anakuletsani.

Chachinayi, lekani kumwa Brufen kapena aspirin mwachisawawa. Mapiritsi amenewa amapala m'mimba.

Chomaliza, pitani mukayezetse. Kwathu kuno njoka zam'mimba, tizilombo ta m'madzi akuda ndi zilonda zam'mimba n'zofala, ndipo kusala tirigu sikuchiza zimenezi. Yambirani ku chipatala cha Nathenje, cha Mitundu kapena cha mishoni cha Nkhoma. Zikakula adzakutumizani ku Kamuzu Central. Muwauze kuti munasiya tirigu liti, chifukwa kuyeza coeliac kumanama ngati munthu anasiya kale kumudya. Mukaona magazi kapena chimbudzi chakuda bii, kusanza kosalekeza, kuwonda, kapena mwana wosakwera sikelo, musadikire masabata awiri aja. Nyamukani tsiku lomwelo.