Phunziro 14: Anthu ndi Nyama ku Domwe

Ku Domwe, m'boma la Angónia, anthu amakhala ndi ziweto. Kuli ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Ng'ombe zimalima. Zimakokanso ngolo ya cimanga ndi mbatata ya kacewere.

Kodi munthu angadziwe bwanji mmene anthu amakhalira ndi nyama? Amaona. Amafunsa. Amamvetsera.

A Brian Morris a ku England anacita zimenezi ku Malawi, dziko loyandikana ndi Angónia. Anayenda m'midzi. Anaceza ndi alenje ndi akuluakulu, nafunsa maina a nyama. Mu 1998 anatulutsa buku la zimene anamva.

Iwo anaphunzira kuti mbewa si khoswe. Mlendo akaziona amati ndi zofanana. Koma mwana wa kumudzi saiwala: mbewa imakhala kumunda, ndipo ndi ndiwo. Khoswe amakhala m'nyumba, ndipo sadyedwa. Mbewanso zili ndi maina ake, monga kapuku ndi mende.

Mwana wa kalasi yoyamba angathenso kufunsa cotere. Taonani mtsikana uyu. Wapita kukhola ndi agogo ake madzulo.

— Agogo, ng'ombe zathuzi zinacokera kuti?

— Mdzukulu wanga, kale tinali nazo zambiri. Itabwera nkhondo tinathawira ku Malawi. Ng'ombe tinazisiya.

Agogo akhala cete. Mtsikana sakuwafulumiza. Akudikira.

— Mtendere unabwera mu 1992. Titabwerera tinapeza khola lopanda kanthu. Tinalima ndi makasu okha zaka zingapo. Kenaka tinagula ng'ombe imodzi yaikazi. Zonsezi ndi zidzukulu zake.

— Zikomo, agogo. Nanga yakudayo dzina lake ndani?

Agogo aseka, namuuza dzina. Mtsikana ajambula ng'ombeyo m'kope mwake.

Nchito

1. Chulani zinthu ziwiri zimene ng'ombe zimacita ku Domwe.
2. Kodi mbewa ndi khoswe zimasiyana bwanji?
3. Cifukwa ciani mtsikana anadikira agogo atakhala cete?
4. Mawa m'mawa onani ciweto cimodzi. Cikudya ciani? Akucisamala ndani? Cijambuleni.

Kwa makolo

Mwana akabwera ndi mafunso, muyankheni m'Cinyanja. Muuzeni maina a mbewa amene mumadziwa, kuti akawachule m'kalasi.